Maluwa a Fodya Kuchipinda kwa Adona

Ndikukumbukira fungo la parafini m'manja mwa mayi anga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma ine nthawi imeneyo Phalombe ndinkangomumva m'kamwa mwa akuluakulu. Dziko limene ndinkalidziwa linali lathyathyathya, la fumbi lofiira, la zigafa zoyanikamo fodya zili ndandanda, ndi utomoni wakuda umene unkamata m'zala zathu kuyambira pothyola mpaka posoka masamba.

Nyumba ya tenanti si nyumba yoti munthu n'kuikonda. Ndi ya mitengo ndi matope, mwini wake ndi bwana, ndipo chaka chamawa mwina mugona wina. Koma mayi anga zimenezo sankazimva. Nyengo yozizira ikafika, mabelo a fodya atayamba kupita ku okushoni, ankatenga khasu ndi dengu n'kupita kukakumba katondo pachulu, makande kudambo, ndi dothi loyera m'mbali mwa khwawa. Ankasinja makala, ankasefa phulusa, kenako n'kuyamba kulemba khoma ndi chitsononkho, kansanza ndi nthenga ya nkhuku. M'munsi ankazunguliza lamba wakuda, pamwamba pake timizere tokhotakhota, maluwa, nkhanga ndi anapiye ake. Anthu odutsa panjinga ankatsika kuti aone. Ndiye mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo, zonsezo zinkatsetsereka n'kusanduka matope pakhonde.

"Amake Lusiya, mukukongoletsera mvula kodi?" ankatero bambo anga.

Lusiya ndine. Bambo sanali munthu wankhanza, ndinene zoona. Anali ofatsa, okhosomola chifukwa cha fumbi la m'shedi, ndipo ngakhale ankanyoza choncho, mlendo akabwera ankamuikira mpando poyang'anana ndi khomalo.

Tsiku lina galimoto ya akazi a bwana inaima pakomboni pathu. Tinkawatchula kuti adona. Anali mayi wamng'ono kwa mayi anga, wosalala, wokhala kwambiri ku Lilongwe, ndipo kuesiteti ankabwera mwa apo ndi apo. Anatsitsa galasi n'kuyang'ana khoma lathu nthawi yaitali. M'mawa mwake mayi anaitanidwa kunyumba yaikulu. Ananditenga ine, chifukwa mkazi wapabanja salowa yekha m'nyumba ya eni ake.

Apa ndifotokoze kwa amene anakulira m'tauni. Kwa anthu athu, chipinda chogona mwamuna ndi mkazi wake si chipinda ngati zina. Mwana wako yemwe akasinkhuka salowamo. Mlendo sasuzumiramo, ndipo akaona chitseko chili pululu amayang'ana kumbali. Mkazi wa mwini akapezeka m'chipinda cha mwamuna wina, palibe amene amafunsa kuti amakatani, aliyense amayankha yekha mumtima. Ndiye adona atatidutsitsa pabalaza n'kutsegula chitseko cha kumapeto, mayi anga anaima njii, kenako anagwada pakhomo pomwepo.

"Lowani mayi, mulibe njoka muno," anatero adona akuseka.

Munali bedi lalikulu la miyendo yopindika, litafunditsidwa pulasitiki. Makoma anali atapakidwa kale penti wotuwira ngati mkaka wothira tiyi pang'ono. Anapaka ndi mwamuna wina wa ku Lilongwe, amene tonse tinamuona mwezi wapitawo akupenta kunja kwa nyumbayo. Analonjeza kuti abweranso kudzamaliza, koma sanaonekenso. Adona anatambasula magazini pabedi n'kuloza chithunzi. Anati umu ndi mmene amagonera anthu a ku Falansa. Pakhoma la pachithunzipo panali timizere tagolide topanga ngati mafelemu aatali, ndipo m'kati mwake munkayanga nthambi zopyapyala za maluwa ofiirira, timaliboni ndi timbalame.

"Mungathe?" anafunsa adona.

Mayi anakwawa ndi mawondo mpaka anafika pabedi. Anayang'anitsitsa chithunzicho osachikhudza. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Penti ameneyu, mvula imamuchotsa?"

"Ngakhale mutamukwecha ndi mwala sachoka."

Ndinaona nkhope ya mayi anga ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti avomera. Zaka zonsezo ankalemba makoma oti madzi adzawanyambite. Apa panali khoma loti zidzukulu n'kudzaliona.

"Koma chinthu chimodzi, pakamwa," anatero adona akuloza milomo yawo. "Musauze munthu, ngakhale bambo akunyumba. Wina akafunsa, mwabwera kudzachapa. Mwamva? Iwenso mwana, wamva?"

Tinamva. Mayi anavomera msanga, ndipo ndikuganiza kuti mumtima anapumira m'mwamba, chifukwa ankadziwa kuti bambo akamva mawu akuti kuchipinda akana asanamve zina zonse. Madzulo ake anauza bambo kuti adona akufuna wochapa makatani ndi mabulangete kwa masiku angapo. Bambo anang'ung'udza za manja amene achepe kosankha fodya, koma tenanti angakanize bwanji mkazi wa bwana?

Masiku amenewo anali okoma kuposa ena onse a ubwana wanga, ndipo n'chifukwa chake amandiwawa chonchi. Tikafika m'mawa, mayi ankavula chitenje ndi bulauzi yawo n'kuvala diresi lakale limene adona anawapatsa kuti zovala zawo zisagwire penti. Ine ndinkagwira nsonga ya chingwe, iwo n'kuchikoka mpaka chiwongoke, n'kulemba timizere tagolide motsatira chingwecho. Mabulashi ang'onoang'ono a adona anawayesa tsiku limodzi, kenako anabwerera ku nthenga yawo ya nkhuku.

Maluwa a pachithunzi aja anawavuta. Anali asanawaonepo ndi maso, ndipo akawalemba ankatuluka ngati kabichi. Anafufuta kawiri, n'kukhala pansi atagwira tsaya. Atadzuka anayamba kulemba duwa lina, lalitali ngati kalipenga, loyera kutsinde, lofiirira kukamwa, nsonga zake zisanu. Ndinaseka mpaka ndinatsala pang'ono kutaya chitini.

"Amayi, amenewo ndi maluwa a fodya!"

"Khala chete iwe. Si maluwa?"

Amene sanalimepo sadziwa kuti fodya amachita maluwa, chifukwa salolezedwa. Akangoyamba kutulutsa nsonga timadula, kuti mphamvu yonse ipite kumasamba. Timangosiya mitengo yowerengeka ya mbewu kumapeto kwa munda, ndipo mayi ankakonda kuima pamenepo pobwera kolima. Tsopano anawamasula onse pakhoma la adona. Anayanga kuchokera pansi mpaka kudenga, ndi timbalame ta choso tikuyamwa. Adona atalowa anaomba m'manja n'kunena kuti eee, Falansa yeniyeni. Mayi anangoyang'ana pansi, koma ine ndinaona kuti akuluma mlomo.

Anandilola ndilembe masamba a m'munsi. Limodzi, pafupi ndi chitseko, dzanja linanditerera ndipo linatuluka lopindika ngati khutu la galu. Ndinafuna kulira. Mayi anati lisiye, m'munda mulibe tsamba lofanana ndi linzake. Ankaimba akugwira ntchito, nyimbo za kwawo zimene ndinali ndisanazimve. Tikaweruka tinkasamba m'manja ndi parafini ndi mchenga kuseri kwa khitchini, mpaka khungu kuwawa, kuti tisapite kunyumba ndi umboni.

Tsiku lomaliza adona anapita kuboma kukagula makatani atsopano. Masana dzuwa lili paliwombo tinamva galimoto, kenako nsapato zolemera m'khonde la m'kati. Anali bwana, akuchokera ku okushoni. Anakankha chitseko n'kulowa. Mayi anali pamwamba pa tebulo, ndipo anatsika mothamanga n'kugwada. Mphepo ya mwezi wa Juni inakoka chitseko kumbuyo kwawo, phaa! Bwana anayang'ana khoma, anati, "Oho, ndiye zimenezi," anatsegula kabati, anatenga jekete, anatuluka. Sanatiyang'ane n'komwe. Zonse zimene zinachitika ndi zimenezo, ndipo ine ndinali pomwepo, chitini cha penti chili m'manja.

Mayi anachita mantha. Anati timalize msanga tizipita. Anavula diresi lija, anavala zawo, ndipo anatuluka m'chipindamo akumanga chitenje m'chiuno. Ine ndinatsalira kutseka zitini. Pakhomo la kuseri panali mlonda wa masana, atabwera kudzatsitsa katundu wa bwana. Anaona bwana akutuluka m'chipinda chotseka, anaonanso mayi anga akutuluka m'chipinda chomwecho akumanga chitenje. Ine sanandione.

Sipanathe sabata, kumjigo amayi ankasiya kulankhula ife tikafika. Wina anandifunsa ngati nanenso ndiyamba kuyankhula Chingerezi poti ndapeza bambo watsopano. Sindinamvetse, koma ndinaona mayi akutula ndowa pansi ngati yawawotcha. Bambo anazimva m'shedi, pakati pa amuna anzawo. Anabwera masana, nthawi imene sankabwera, n'kuitanira mayi kuseri kwa nyumba. Ine ndinali pankhokwe, ndinamva zonse.

"Kuchipinda kwa bwana umakachapako chiyani?"

Kuyambira ndili wakhanda ndinali ndisanamve bambo akuwatchula mayi kuti iwe. Mayi anafotokoza zonse: magazini, khoma, maluwa, jekete, mphepo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye masiku onsewa umandiuza kuti ukukachapa."

"Adona anandiletsa kunena."

"Unandinamiza dzana. Lero ndikukhulupirire chifukwa chiyani?"

Pamenepo pokha bambo ankanena zoona. Sanawamenye. Ndikanakonda akanakalipa, akanaswa mbale, kaya chiyani. Anangokhala pachitsa n'kusiya kudya za m'nyumba mwathu.

Ankhoswe a banja lathu anali kutali ku Phalombe, choncho nkhani inapita kwa a Zimba, kapitawo wa esiteti, ndi akuluakulu awiri a m'komboni. Anakhala Lamlungu titaweruka kutchalitchi, m'chigafa chopanda fodya, anthu ali mbwee kunja. Mlonda ananena zimene anaona, ndipo sananame. Mayi ananena zawo. Bwana panalibe amene anaganiza zokawafunsa. Ndani akanayamba? Pamapeto mayi anati, "Tiyeni kwa adona. Ndi amene anandiitana, akakuuzani okha." Ananena molimba mtima, mpaka ine ndinayamba kumva njala, poganiza kuti nkhani yatha.

Tinakwera tonse kunyumba yaikulu. Tsoka lake, pabwalo panali magalimoto. Anzawo a adona anali atabwera kuchokera kuboma ndi ku Lilongwe kudzaona chipinda chija, poti anthu a m'tauni amaonetsana zipinda ngati mmene ife timaonetserana mbuzi. Adona anatuluka pakhonde, anzawo atatu ali kumbuyo ndi matambula m'manja. A Zimba anavula chipewa, anapepesa, n'kufunsa ngati n'zoona kuti mayi awa ankapenta kuchipinda.

Adona anayang'ana mayi anga. Kenako anacheukira anzawo. Ndinaona ndi maso angawa akusankha.

"Chipinda changa anapenta ndi munthu wa ku Lilongwe, nonse munamuona. Mayi awa ndinawaitana kudzachapa. Zoti ankalowa kuchipinda kwanga, ndikuzimva lero."

Mayi anga sanalire. Anangokhala pansi pafumbi, miyendo ili tambalale, ngati munthu amene wamva maliro.

"Bodza!" ndinakuwa ine. "Bodza limenelo! Ndinalipo ine! Kalowenimo mukaone, ndi maluwa a fodya okhaokha! Wa ku Lilongwe amawadziwa maluwa a fodya? Pafupi ndi chitseko pali tsamba lopindika, ndinalemba ndine!"

Mayi wina anandigwira pakamwa, ndinamuluma. A Zimba anandiyang'ana mokwiya, thukuta lili kamukamu.

"Iwe mwana, ulibe mwambo? Ukufuna ife akuluakulu tikalowe kuchipinda kwa bwana? Wakuphunzitsa ndani zimenezo, amako?"

Anthu ena anaseka. Ndinathamangira kwa bambo n'kuwagwira dzanja. Zenera la chipindacho linali pomwepo, kumapeto kwa khonde, makatani atsopano atatsekedwa. Ndinawakoka bambo ndi mphamvu zanga zonse.

"Ababa, tiyeni inuyo nokha. Tiyeni mukaone."

Bambo anayang'ana zeneralo. Kenako anachotsa zala zanga chimodzichimodzi.

"Kumeneko sikulowa munthu, Lusiya."

Mwambo umene unawagwetsa mayi anga chifukwa cholowa m'chipinda, ndi womwewo unaletsa anthu kulowa kuti akaone kuti sanalakwe. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwira. Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, anaima pabwalo n'kumaweruza munthu, umboni uli kuseri kwa nsalu.

Bambo ananena kuti mayi apite kwawo akapume kaye. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Kwathu ana ndi a mkazi, choncho ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinatsagana nawo. M'mawa wa tsiku lonyamuka, katundu ali kale pakhonde, mayi anatenga ndowa ya madzi ndi tsache. Anakhuthulira pakhoma lathu lija n'kuyamba kukwecha. Nkhanga zinapita, maluwa anapita, lamba wakuda anatsikira pansi. Chaka chimenecho sanadikire mvula.

Ku Phalombe tinafikira kwa amalume. Mayi anamanga nyumba yawo, anaimata bwinobwino, anaizira, ndipo anaisiya choncho, yotuwa. Anthu amene ankawadziwa ali mtsikana ankafunsa kuti luso lija linapita kuti, iwo n'kuyankha kuti maso anayamba kuvuta. Sanagwirenso nthenga. Ine ndi amene ndinkajambula, pansi, m'makope a kusukulu, pazitseko za eni. Tsiku lina anandipeza ndikulemba duwa lija ndi khala kuseri kwa bafa. Ndinaganiza kuti andimenya. Anayang'ana duwalo, kenako anati:

"Nsonga zake n'zisanu, osati zinayi. Jambula mwanawe, sindikukuletsa. Koma wina akadzakupatsa ntchito n'kukuuza kuti uibise, uisiye ngakhale ikukoma bwanji. Ine anandipha si mlonda ayi. Ndinadzipereka ndekha tsiku limene ndinalola kuti manja anga akhale opanda mwini."

Panapita zaka, ine n'kukula mpaka kufika ku sekondale. Tsiku lina masana tikutonola chimanga, tinaona munthu wowonda ataima kumalire a bwalo, kachikwama kali m'khwapa. Ndinawazindikira ndi chifuwa. Anali bambo. Mayi anandituma mpando, n'kuwalonjera ngati mmene ulonjerera mlendo aliyense.

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Bwana uja anagulitsa esiteti, adona anabwerera ku Lilongwe, nyumba yaikulu inakhala yotseka mpaka denga linayamba kudontha. Mwini watsopano anafuna malata ena, ndipo bambo anali mmodzi mwa amene anatumidwa kukwera pamwamba kukazula akale. Atachotsa lata la kumapeto, anapeza matabwa a kudenga atawola n'kugwera m'kati. Anayang'ana pansi. Dzuwa linali litalowa m'chipinda chija.

"Ndinaona," anatero bambo. "Khoma lonse. Dzanja lanu ndimalidziwa, amake Lusiya. Ngakhale timbalame tija ndi tanu."

Mayi anapitiriza kutonola. Maso a chimanga ankagwera m'lichero, mbwe, mbwe.

"Mwanayu anakuuzani," anatero. "Anakugwirani dzanja. Inu munadikira kuti denga lichoke."

Bambo anapepesa, anatchula zobwererana, anatchula ankhoswe. Mayi anati zikomo pobwera, ulendo ndi wautali, mudye kaye. Anawaphikira nkhuku. Bambo anakagona kwa amalume, ndipo m'mawa ine ndinawaperekeza kumsewu. Basi itaonekera patali, anandigwira paphewa.

"Tsamba lija, Lusiya. La pafupi ndi chitseko, lopindika lija. Lilipo."

Ndinafuna kuwayankha mwachipongwe, mawu ndinali nawo, ndinali nditawasunga zaka zonsezo. Koma ndinangowanyamulira kachikwama kawo. Anakwera basi, ndipo sindinawaonenso. Chifuwa chija chinawatenga chaka chotsatira, pa esiteti ina cha ku Lisasadzi. Mayi anapita kumaliro, anakhala pakati pa amayi ena, analira ngati wina aliyense. Nawonso anatisiya, nyumba yawo ikadali yotuwa.

Lero ndine wopenta. Ndimalemba makoma a masukulu a mkaka, malo odyera, ndi nyumba za anthu m'tauni. Ndipo inde, amandiitana kuzipinda zogona, n'kundionetsa pafoni zithunzi za ku Falansa zomwe zija, mafelemu agolide ndi maluwa oyanga. Sindikana. Koma chitseko chimakhala chotsegula, mwamuna wanga amadziwa kumene ndili, ndipo amene akufuna kuti anzake aziganiza kuti khomalo linachokera kunja ndimamuuza kuti afune wina. Ena amati ndine wamwano. Mwina ndinedi.

Kale ndinkaganiza kuti amene anaphwasula banja lathu ndi adona. Ndimawadabe, sindibisa, poti anagulitsa munthu wamoyo kuti asachite manyazi pamaso pa anzawo atatu. Koma ndikamakula ndimaona kuti bodza lawo silikanaima palokha. Linaima chifukwa bambo anga, amene ankawakonda mayi, anaopa chitseko kuposa mmene anaopera kutaya mkazi wawo, ndiponso chifukwa mawu oona anatuluka m'kamwa mwa mwana. Ndili ndi mtsikana wanga tsopano, wolongolola, wa msinkhu umene ndinali nawo ine. Akabwera n'kundikoka dzanja kuti, "Amayi, tiyeni mukaone," ndimatsika pamakwerero nthawi yomweyo, ngakhale penti aumire pabulashi, n'kupita kukaona.